Magazi m'chimbudzi kapena chotupa m'matumbo: ndi khansa kapena ayi, nanga muchitepo chani

Palibe munthu olo mmodzi, olo dokotala wophunzira bwanji, yemwe angakuuzeni motsimikiza kuti chotupa chomwe chili m'matumbo mwanu ndi khansa kapena si khansa pongomva mmene mukufotokozera. Chotupa chomwe si khansa chimatha kutulutsa magazi, khansa nayo imatulutsa magazi, ndipo zonse ziwiri zimatha kukhala phee zaka zambiri osakupwetekani olo pang'ono. Yankho lenileni limabwera akachiona ndi kamera, n'kudulako kanyama n'kukapima ku labu. Nde mbali yanu ndi iyi: kuzindikira msanga kuti thupi lasintha, kusunga bwino zomwe mukuona, kupita kuchipatala, ndi kukakamira mpaka mutapimidwa zenizeni osati kungopatsidwa mapiritsi n'kubwerera kunyumba.

Matumbo akuluakulu ndi otalika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Amayambira kumunsi kwa mimba mbali yakumanja, kukwera m'mwamba, kudutsa chopingasa, kutsikira kumanzere mpaka kukathera kotulukira chimbudzi. Ntchito yake yaikulu ndi kuyamwa madzi kuchokera mu zotsalira za chakudya kuti chimbudzi chilimbe. Bungwe la WHO limati khansa ya m'matumbo amenewa ndi yachitatu pa khansa zomwe zimagwira anthu kwambiri padziko lonse, ndipo ndi yachiwiri pa zomwe zimapha kwambiri. Mu 2020 mokha anthu oposa 1.9 miliyoni anapezeka nayo ndipo oposa 930,000 anamwalira nayo. Koma chosangalatsa nchakuti pa khansa zonse iyi ndi imodzi mwa zomwe zimapereka nthawi, chifukwa kawirikawiri imayamba ngati kachotupa kakang'ono komwe si khansa, ndipo kamatenga zaka pafupifupi 10 mpaka 15 kuti kasanduke koopsa.

Yambani ndi kuyang'ana musanagejemule

Ndikudziwa kuti ambiri timadzithandiza n'kuthawa osacheuka, koma apa ndi pomwe nkhani yonse imayambira. Muziyang'ana chimbudzi chanu, muziyang'ananso pa pepala lopukutira. Zomwe mukufufuza ndi magazi, kaya ofiira bwino kaya oderako osakanikirana ndi chimbudzicho, chinanso ndi zonanda ngati mamina, komanso maonekedwe ngati asintha, mwachitsanzo chimbudzi chomwe kale chimatuluka bwinobwino koma pano chikutuluka chopyapyala masiku onse.

Kenako onani kachitidwe kanu. Munthu aliyense ali ndi kake, wina amapita kawiri patsiku wina kamodzi pa masiku awiri ndipo onsewa ali bwino, vuto ndi pomwe zanuzo zasintha popanda chifukwa chooneka, kutsegula m'mimba kosatha, kudzimbidwa komwe kale kunalibe, kapena ziwirizi kumasinthana, lero mwatsegula mawa mwadzimbidwa. Palinso kena kake komwe anthu sakonda kutchula, kumva ngati chimbudzi sichinathe, mwangotuluka kumene koma mukumva kuti mubwererenso, mukafika palibe chotuluka kapena kangotuluka kochepa ndi timagazi. Chizindikiro chimenechi chimakonda kubwera chotupa chikakhala chakumapeto kwenikweni kwa matumbo, chifukwa thupi limachimva chotupacho ngati chimbudzi choti chituluke.

Zina siziwonekera kuchimbudzi nkomwe. Kupweteka kapena kupotokola m'mimba kobwerezabwereza, mimba kufufuma, kuonda pomwe simunasinthe kadyedwe, zovala kumangokula zokha, kutopa koti olo mwagona bwino mukudzuka muli wofooka, kupuma mwawefuwefu mukangoyenda pang'ono. Kutopa kumeneku nthawi zambiri kumakhala kuchepa kwa magazi, ndipo apa pali chinthu chofunika kuchimvetsa. Chotupa chikakhala mbali yakumanja, komwe matumbo ndi otakasuka ndipo chimbudzi chikadali chamadzimadzi, sichitseka njira msanga, chimangodontha timagazi pang'onopang'ono toti ndi maso simungatione, miyezi ndi miyezi, mpaka ayironi m'thupi n'kutha. Munthu wotero amangouzidwa kuti magazi achepa, kupatsidwa mapiritsi a ayironi basi. Chikakhala kumanzere, komwe njira ndi yopapatiza, ndi pomwe mumaona magazi ndi maso komanso kudzimbidwa ndi kusintha kwa kachitidwe kaja. Nchifukwa chake bambo aliyense, kapena mayi yemwe anasiya kusamba, akapezeka kuti ayironi wachepa popanda chifukwa chodziwika, funso loyamba likhale lakuti magaziwo akuthera kuti, ndipo matumbo ayenera kufufuzidwa.

Lembani. Pa foni kapena pa kapepala, tsiku lomwe zinayamba, mwapita kangati, magazi anali a mtundu wanji, anali pamwamba kapena osakanikirana, ndipo ngati muli ndi sikelo muzidziyeza. Pamaso pa dokotala munthu umaiwala theka la zomwe umafuna kunena, makamaka nkhani yake ikakhala yochititsa manyazi ngati iyi.

Mudikire mpaka liti

Malangizo a zaumoyo a ku Britain amati zizindikiro ngati izi zikatha masabata atatu pitani mukaonane ndi dokotala. Ine ndingowonjezera kuti magazi osawadikirira masabata atatu ngati simukudziwa komwe akuchokera, makamaka ngati mwadutsa zaka 40. Ndipo pali zina zosadikira olo tsiku limodzi: magazi ambiri otuluka osasiya kapena a mibulu, chimbudzi chakuda bii chonata chonunkha modabwitsa, chizungulire ndi kukomoka, kapena mimba kutupa n'kumapweteka kwambiri, mukusanza, chimbudzi sichikutuluka olo mpweya womwe. Chomalizachi chikutanthauza kuti matumbo mwina atsekeka, ndi nkhani ya pompopompo, ndipo osamwa mankhwala otsegula m'mimba poganiza kuti mwangodzimbidwa. Kungoti dziwaninso kuti mapiritsi a ayironi amadetsa chimbudzi, nde ngati mukumwa amenewo muwauze adokotala.

Nanga ngati si khansa

Nthawi zambiri si khansa, ndipo izi ndi zoona osati zongokutonthozani. Magazi ofiira pa pepala kawirikawiri amakhala mudzi, omwe ena amangoti ma piles, kapena kachilonda kong'ambika kotulukira chimbudzi komwe kamabwera munthu ukadzimbidwa ndipo kamawawa kwambiri pochita chimbudzi. Kamwazi amatulutsa magazi ndi zonanda, likodzo la m'matumbo nalo limatero ndipo limathanso kuyambitsa tizotupa, TB ya m'matumbo imatha kupanga chotupa chofanana kwambiri ndi khansa olo pa sikani, kuli matenda otupitsa matumbo monga ulcerative colitis ndi Crohn's, kuli timatumba tomwe timapangika pakhoma la matumbo munthu akamakula, kulinso vuto lija la matumbo osakhazikika lomwe amati IBS, lomwe limapotokola m'mimba koma silitulutsa magazi kapena kuondetsa. Msampha uli apa ndi wakuti kukhala ndi mudzi sikukutetezani ku khansa, munthu mmodzi atha kukhala ndi zonse ziwiri, ndipo anthu ambiri amachedwa chifukwa choti chilichonse amangoti ndi mudzi uja wayambiranso. Ngati mwalandira mankhwala a mudzi kapena a kamwazi koma magazi sakusiya, kapena asiya n'kubweranso, bwererani.

Tsono tifike pa zotupa zenizenizo. Zambiri zomwe zimapezeka m'matumbo akuluakulu ndi ma polyp, tinyama tomera mkati mwa khoma la matumbo, tina timakhala ndi kaphesi ngati bowa, tina ndi tafulati tomamatira pakhoma ndipo timeneti ndi tovuta kuwona. Ndi tofala kwambiri mwa anthu azaka 50 kupita m'tsogolo ndipo ambiri sadziwa nkomwe kuti ali nato. Si tonse tofanana. Ma hyperplastic polyp ang'onoang'ono a kumapeto kwa matumbo pafupifupi sasanduka khansa. Ma adenoma ndi omwe madokotala amawatchera khutu, pawokha si khansa, ndipo ambiri sadzasanduka khansa moyo wanu wonse, koma khansa zambiri za m'matumbo zimachokera mwa amenewa. Kuli ena otchedwa sessile serrated, afulati aja, okonda mbali yakumanja, nawonso amatha kusanduka. Kulinso lipoma, chotupa cha mafuta chabe, chomwe sichivuta pokhapokha chikakula kwambiri n'kuyamba kutseka njira kapena kutulutsa magazi.

Chomwe chimakweza chiopsezo ndi kukula kwake, kuchuluka kwake ndi mmene maselo ake akuonekera pa maikulosikopu. Polyp yoposa sentimita imodzi ndi yofunika kuisamala kuposa kakang'ono ka mamilimita ochepa, ndipo pa lipoti mukaona mawu oti villous kapena high-grade dysplasia ndiye kuti maselo anali atayamba kusokonekera kwambiri ngakhale asanafike pa khansa. Popeza dokotala sangadziwe ndi maso okha kuti iyi idzasanduka iyi ayi, amangochotsa pafupifupi zonse zomwe wapeza. Nde mukamva kuti "tapeza chotupa koma si khansa" sangalalani ndithu, koma funsani kuti chinali cha mtundu wanji, chachotsedwa chonse kapena ayi, ndipo mubwerenso liti.

Mukafika kwa adokotala

Nenani zonse mosapsatira, mawu oti chimbudzi ndi magazi amawamva tsiku lililonse. Awuzeni zomwe munalemba zija, mankhwala onse omwe mukumwa makamaka aspirin, mankhwala opha ululu ndi ochepetsa kuundana kwa magazi, kenako mbiri ya kumtundu kwanu. Apa fufuzani musanapite: kodi bambo, mayi, mchimwene, mchemwali kapena mwana wanu anadwalapo khansa ya m'matumbo kapena kuchotsedwa ma polyp, ndipo anali ndi zaka zingati. Mutchulenso khansa ya chiberekero ya mkati ndi ya thumba la mazira ngati inalipo kumtundu, chifukwa pali vuto lotengera la Lynch syndrome lomwe limabweretsa khansa zimenezi pamodzi ndi ya m'matumbo, ndipo limagwira anthu akadali achinyamata. Kuli linanso losowa kwambiri lotchedwa FAP, pomwe munthu amamera ma polyp mazanamazana kuyambira ali mnyamata kapena mtsikana, ndipo osathandizidwa pafupifupi onse amadzakhala ndi khansa akamafika cha m'zaka 40.

Adzakugwirani pamimba, ndipo mwina adzapempha kulowetsa chala chovala golovesi kumbuyoku. Musakane chonde, ndi masekondi ochepa chabe koma zotupa zakumapeto kwa matumbo zambiri zimapezeka ndi chala basi. Adzatenga magazi kuti awone ngati achepa. Angakupatseninso kabotolo ka FIT, kopima magazi obisika m'chimbudzi, mumangotapa pang'ono ndi kamtengo kake n'kubweza. Zotsatira zikasonyeza magazi sizikutanthauza kuti muli ndi khansa, ambiri omwe zimatero amapezeka ndi ma polyp kapena zina, kungoti zikutanthauza kuti colonoscopy, kupima m'matumbo ndi kamera kuja, ikufunika. Zikabwera zabwino koma zizindikiro zikupitirira, osangokhala, chifukwa chotupa sichidontha magazi tsiku lililonse. Ndipo wina asakunamizeni kuti kupima magazi kotchedwa CEA kungakuuzeni ngati muli ndi khansa kapena ayi, CEA imathandiza kwambiri potsatira munthu yemwe anapezeka kale nayo, pofufuza koyamba siyodalirika.

Ngati muli wachinyamata mutha kumva mawu oti zaka zanuzi sizingakhale khansa. Nthawi zambiri amakhala akunena zoona, koma osati nthawi zonse, khansa imeneyi ikuchulukira mwa anthu osafika zaka 50 m'mayiko ambiri. Chadwick Boseman, wosewera mafilimu wa ku America uja, anapezeka nayo mu 2016 ndipo anamwalira mu 2020 ali ndi zaka 43 zokha. Nde funsani mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo: adokotala, ngati si khansa ndiye nchani, ndipo ngati mankhwalawa sathandiza tichita chani kenako, ndibwere liti. Funso limeneli limasintha zinthu.

Colonoscopy, ndi mmene mungakonzekere

Uku ndiye kupima kwenikweni. Amalowetsa kapaipi kofewa kokhala ndi kamera ndi nyali kudzera kumbuyo mpaka poyambira matumbo akuluakulu, akuona zonse pa sikirini, ndipo akapeza polyp nthawi zambiri amaichotsa pompo ndi kawaya kokola, simumva kuwawa pomwe akudula chifukwa khoma lamkatilo silimva kudulidwa. Akapeza chachikulu kapena chokayikitsa amadulako kanyama, ndiye biopsy imeneyo. Zonse zimatenga mwina mphindi 30 mpaka ola limodzi, ndipo kawirikawiri amakupatsani mankhwala oti muwodzere, nde konzani munthu wokuperekezani, tsiku limenelo osayendetsa galimoto.

Chovuta chenicheni ndi dzulo lake. Matumbo ayenera kukhala oyera mbee, choncho masiku angapo musanapite amakuuzani kuchepetsa zakudya za gaga ndi za njere, tsiku lomaliza mumangomwa zamadzimadzi zowonekera ngati madzi, kenako mumamwa mankhwala otsegula m'mimba ambiri ndithu, osakoma, ndipo mudzakhala pafupi ndi chimbudzi mpaka zotuluka zikhale madzi achikasu owonekera. Ambiri amafika pakati n'kusiya ati basi zakwana. Musatero, mukasiyira panjira kamera siwona bwino, tima polyp tafulati tija timabisala, ndipo mutha kuuzidwa kuti mubwerezenso zonse. Kuwaziziritsa mankhwalawo ndi kumwera pa kapaipi kumathandiza kuti alowe. Imwani madzi ambiri. Mapiritsi a ayironi amasiyidwa pafupifupi sabata imodzi zisanachitike, koma a shuga, a mtima ndi ochepetsa kuundana kwa magazi musasiye kapena kusintha panokha, funsani kaye.

Mukamaliza mimba imakhala yofufuma ndi mpweya, timagazi pang'ono titha kuoneka ngati anadula polyp, zimenezo ndi zabwinobwino. Koma ululu waukulu, kutentha thupi kapena magazi ambiri bwererani msanga, chifukwa mwa apo ndi apo matumbo amatha kubooka kapena kutaya magazi. Komwe colonoscopy sikutheka kuli njira zina, sigmoidoscopy yomwe imangoona mbali yakumanzere, kapena sikani ya CT yapadera yowona matumbo, kungoti sikani singachotse polyp, ikapeza kanthu mudzafunikabe kamera.

Zotsatira zikabwera

Kudikira lipoti la ku labu ndi nthawi yowawa, masiku amatalika, koma likafika pemphani kope lanu ndipo musunge. Ngati zonse zinali bwino ndipo mulibe chiopsezo chapadera, colonoscopy ina imabwera patatha zaka 10. Ngati anachotsa adenoma imodzi kapena ziwiri zazing'ono, malangizo a ku America a 2020 amati zaka 7 mpaka 10, ngati inali yoposa sentimita imodzi kapena ya maselo osokonekera aja ndi zaka 3, ndipo ngati inali yaikulu kwambiri moti anachita kuichotsa zidutswazidutswa amakuitanani patatha miyezi 6 kuti akaone ngati pamalopo sipanatsale kanthu. Mayiko amasiyana pang'ono pa nambalazi nde tsatirani zomwe adokotala anu anena, chachikulu nkusaiwala tsikulo, munthu yemwe anamerapo polyp amatha kumeranso ina.

Ikakhala khansa, chotsatira ndi kudziwa pomwe yafika, ndipo amachita sikani ya pamimba ndi pachifuwa. Siteji 1 ndi 2 ikadali pa matumbo pomwepo, siteji 3 yafika m'anabere apafupi, siteji 4 yapita kutali, kawirikawiri kuchiwindi kapena m'mapapo. Kusiyana kwake nkwakukulu, ziwerengero za ku America zimaonetsa kuti ikapezeka isanafalikire anthu pafupifupi 9 mwa 10 amakhala adakali moyo patatha zaka zisanu, pomwe ikafika kutali ndi ochepera awiri mwa 10. Chithandizo chachikulu ndi opaleshoni yodula gawo lomwe lili ndi chotupa n'kulumikizanso, ena amawonjezeredwa kemo, mankhwala opha maselo a khansa, ndipo ikakhala yakumapeto kwa matumbo nthawi zambiri pamakhalanso radiotherapy, kuwotcha chotupacho ndi cheza cha makina apadera. Anthu ambiri amaopa kachikwama ka chimbudzi ka pamimba mpaka kuthawa opaleshoni, pomwe ambiri sakafunika nkomwe ndipo mwa omwe amaikidwa ena ndi kwa miyezi chabe. Ndipo kuthamangira mankhwala ongomva pa intaneti oti amasungunula zotupa kumangodya nthawi yomwe opaleshoni ikanathandiza.

Ngati mulibe chizindikiro chilichonse

Ma polyp ndi khansa yoyambirira nthawi zambiri sizimveka, nchifukwa chake kuli kupimitsa usanadwale. Ku America mu 2021 anatsitsa zaka zoyambira kuchoka pa 50 kufika pa 45, mayiko ena ambiri amayambira pa 50 ndi FIT chaka chilichonse kapena pa zaka ziwiri zilizonse. Ngati kholo lanu, m'bale wanu wa bere limodzi kapena mwana wanu anapezeka nayo, lamulo lomwe madokotala ambiri amatsata ndi kuyamba pa zaka 40, kapena zaka 10 musanafike msinkhu womwe m'baleyo anapezekera nayo, chomwe chingayambe kufika. Mwachitsanzo ngati mayi anu anapezeka nayo ali ndi zaka 45 inu muyambe pa 35. Omwe akhala ndi ulcerative colitis kapena Crohn's kwa zaka zambiri alinso ndi ndondomeko yawo.

Zomwe mungasinthe panokha nzodziwika kale, kusiya fodya, kuchepetsa mowa, kuyenda ndi kulimbitsa thupi, kusanenepa kwambiri, kudya zamasamba, zipatso ndi zagaga, kuchepetsa nyama yofiira komanso yokonzedwa kufakitale. Mu 2015 nthambi ya WHO yofufuza za khansa, IARC, inaika nyama yokonzedwa kufakitale m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, ndipo yofiira inaiika m'gulu la zomwe mwina zimayambitsa khansa. Kusintha zonsezi kumachepetsa chiopsezo koma sikuchotseratu, anthu odzisamala bwino nawo amadwala.

Ndipo ngati inuyo mwachotsedwa adenoma yaikulu kapena mwapezeka ndi khansa, musabise kwa abale anu. Auzeni achimwene, achemwali ndi ana anu mtundu wa chotupacho ndi zaka zomwe munali nazo chitapezeka, chifukwa zinthu ziwiri zimenezi ndi zomwe adokotala awo adzagwiritse ntchito powerengera tsiku loti iwonso ayambe kupimidwa.